VANETI YA MLIMI: YOLIMBA NDI ITI, NANGA IKOKA ZINGATI?

Mwezi wa August ndiwo umene mseu wolowera ku Mkaika uona magalimoto ambiri koposa miyezi yonse. Pa Ciweru cotsiriza ca mweziwo Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique asonkhana kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo poimika magalimoto pakhala mavaneti a mitundu-mitundu. Nyengo yomweyo ndiyo imene alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi alandira ndalama za thonje, soya, mpendadzuwa ndi cimanga. Cotero si cacilendo kuona mlimi amene wakolola bwino zaka zingapo ali nkuzungulira magalimotowo, nasuzumira m'kati, nafunsa oyendetsa kuti, "Kodi yolimba ndi iti?"

Oyendetsa sayankha mofanana, pakuti yense atama imene ali nayo. Koma funsolo ndi lalikulu. Mtengo wa vaneti, ngakhale yogwirapo kale nchito, ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo ena agulitsa ng'ombe za m'khola kuti ndalama zikwane. Galimotoyo ikafa patapita miyezi isanu ndi umodzi, banja litsala lopanda galimoto ndiponso lopanda ng'ombe zokoka ngolo ndi pulawo.

Akulu-akulu akumbukira Land Rover imene a Boma ndi alangizi a zamalimidwe anali kuyendera m'midzi masiku amene Chipata inali kuchedwa Fort Jameson. Inayamba kupangidwa ku England mu 1948, ndipo thupi lace silinali kucita dzimbiri. Pambuyo pace panadza Peugeot 404 ya ku France, ndi ka Datsun 1200 kamene kanapangidwa ku South Africa kuyambira 1971, ndipo kanalekeka mu 2008 kali kuchedwa Nissan 1400. Onsewa anali olimba m'nthawi yao. Lero ambiri agona kuseri kwa nyumba, nkhuku zili nkuikira pamipando. Si miseu yokha imene inawapha. Masipeya atayamba kusowa, galimoto yolimba inaima cifukwa ca kacitsulo kamodzi. Mlimi ayenera kusunga cimeneci m'mutu powerenga zonse zotsatazi.

INJINI ZAKALE NDI ZATSOPANO

Asanayang'ane dzina lolembedwa pamphumi pa galimoto, wogula atsegule boneti naone injini, cifukwa injini za dizilo ziri m'magulu awiri, ndipo kusiyana kwa maguluwa kuposa kusiyana kwa Toyota ndi Isuzu.

Gulu loyamba ndi la injini zakale, zimene pampu yace ya dizilo iyenda ndi zitsulo zokha, popanda kompyuta. Zina mwa izo ndi 3L ndi 1HZ za Toyota, 4JA1 ya Isuzu ndi TD27 ya Nissan. Ziribe mphamvu zambiri, zicita phokoso, ndipo pa citunda zikwera ngati nkhalamba. Dziko la Katete liri pamtunda wa mamita ngati 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya uli wopepuka, ndipo injini yopanda turbo itaya pafupi limodzi la magawo khumi a mphamvu yace. Komabe injinizi zipirira dizilo wosayera bwino, ndipo makanika wa pansi pa mtengo azidziwa monga adziwa njinga yace.

Gulu laciwiri linafala kuyambira ca m'ma 2005. Pa Toyota alemba D-4D kapena GD-6, pa Isuzu D-TEQ, pa Ford TDCi. Mu injini zimenezi kompyuta ndiyo ilamulira, ndipo dizilo apanikizidwa mwamphamvu yoposa mpweya wa m'tayala ka 500, nalowa mu injini podzera pa timabowo tating'ono ngati tsitsi. Cifukwa cace ziri ndi mphamvu zambiri, ndipo zimwa dizilo pang'ono poyerekeza ndi nchito imene zigwira. Koma timabowo totere sitigwirizana ndi madzi kapena fumbi. Dizilo wa m'zigubu wogulidwa m'mbali mwa mseu, amene mwina asakanizidwa ndi palafini, akhoza kuononga mainjekita onse anai, ndipo mtengo wa mainjekita ndi pampu umeza cimanga ca munda wathunthu. Mu 2023 mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola unayamba kubweretsa dizilo woyengedwa kale, wa sulufule wocepa, amene ndiye woyenera injini zatsopano. Cotsala ndi kwa mwini galimoto: agule pa filing'i sitesheni yodziwika, asinthe sefa ya dizilo pa nthawi yace, ndipo nyali yocenjeza za madzi ikayaka aime nakhetse madziwo tsiku lomwelo.

Bvuto lina ndi lakuti injini yatsopano ikadwala ifuna makina owerengera kompyuta yace. Makanika wopanda makinawo angoombeza, nasintha ici ndi ico, ndalama ziri nkupita. Wogula ayambe wayenda m'magalaji a pa Katete ndi pa Sinda, afunse ngati alipo wodziwa injini imene afuna kugula, ndi kuti masipeya ace apezeka pomwepo, ku Chipata, kapena kufikira ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupi 500.

MITUNDU YACE

Toyota Hilux inayamba mu 1968, ndipo zambiri za kuno zipangidwa ku Durban. Siiposa zinzace zonse pa mphamvu, ndipo ikakhala yopanda katundu igwedeza munthu pa mseu wa mabampu. Cimene icitira bwino ndi ici, kuti iripo yambiri. Masipeya ace, enieni ndi oyerekeza omwe, apezeka m'masitolo ambiri, amakanika aizolowera, ndipo tsiku limene mwini afuna kuigulitsa sasowa wogula. Pa cifukwa comweco mtengo wace ndi wokwera, ndipo akuba aikonda. Injini za 3L ziri ndi lamba wa m'kati amene ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndi za D-4D pa 150,000. Lambayo akaduka injini iri nkuyenda, mavavu apindika. Za GD-6, zimene zinafika mu 2016, ziri ndi cheni m'malo mwa lamba. Injini zakale za Hilux zidana ndi kutentha: redieta ikatsekeka ndi njere za udzu wa m'munda, mutu wa injini ung'aluka.

Isuzu ndiyo imene alimi ambiri aidziwa ndi dzina la KB. Yapangidwa ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano uchedwa Gqeberha, kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2018 dzina linasinthidwa kukhala D-Max. Kampaniyi nchito yace yaikulu ndi malole ndi injini za dizilo, ndipo injini ya 3.0 yochedwa 4JJ1 aiikanso m'malole ace ang'ono-ang'ono. Injini yopangidwira lole ikaikidwa m'vaneti siitopa msanga. KB 250 yakale iribe liwiro ndipo imveka iri kutali, koma imwa dizilo pang'ono. Kawiri-kawiri Isuzu yogwirapo nchito ichipa kuposa Hilux ya caka comweco, ndipo pa nchito ya pamunda siicepera m'pang'ono pomwe. Mlimi wosamala ndalama asaipitirire.

Ford Ranger ya mtundu umene unafika mu 2011, yopangidwa ku Pretoria, ndiyo ikhala bwino pa mseu pokoka katundu wolemera. Ya injini ya 3.2 iri ndi mphamvu ya akavalo pafupi 200, ndi yotakata, ndipo pa mseu wa tala wa Great East Road tirela siiyendetsa uku ndi uku. Koma ndi galimoto yofuna mwini womvera malangizo. Pa injini za 2.2 ndi 3.2 za mtundu umenewu, posintha oilo sayenera kuisiya yopanda oilo kupitirira mphindi khumi, cifukwa pampu ya oilo ikauma ikhoza kulephera kukokanso, injini niwonongeka. Makanika amene amasula nati napita kukadya nsima akhoza kupha galimoto yabwino-bwino. Pa injini za 2.0 zimene zinafika mu 2019, lamba wa m'kati ayenda m'oilo momwemo, cotero oilo wolakwika amdya. Amene akhala pafupi ndi tala, nakhala ndi galaji yodziwa Ford, adzakondwa nayo. Wa kumudzi kwenikweni aganizepo kawiri.

Toyota Land Cruiser ya bokosi ndi ya mtundu wina. Banja lace linayamba mu 1984, ndipo imene ichedwa 79 inafika mu 1999. Ekiselo zace zonse ziwiri ndi zitsulo zamphumphu, cotero miyala ndi zigwembe siziithyola msanga. Injini yace ya 1HZ, ya masilinda asanu ndi limodzi, iri ndi akavalo ngati 130 cabe, koma iyenda zaka zambiri-mbiri. Ndiyo imene zipatala ndi mabungwe aidalira pa miseu ya m'mapiri monga ya ku Vubwi, ndi m'madambo a makande mvula ikagwa. Koma ndi yodula pogula, imwa dizilo kwambiri, ndipo matayala ace ndi a mtengo wapatali. Kopaletivu ya alimi kapena wogula mbeu m'midzi yakutali akhoza kuibweza ndalama zace. Mlimi mmodzi wa maekala khumi sangathe.

Nissan Hardbody, maka-maka ya TD27, inatumikira alimi bwino ndipo siibvuta kukonza. Koma mu 2018 bungwe la Global NCAP linayesa NP300 Hardbody poigunditsa, ndipo pa kuteteza akulu okhala kutsogolo siinapeze nyenyezi ngakhale imodzi mwa zisanu. Inalekeka kupangidwa mu 2021. Palinso Mahindra ya ku India ndi GWM ya ku China, zimene zichipa pogula zatsopano. Pa izi funso loyamba ndi lija la masipeya.

Kunena mosabisa, kwa mlimi wa ku Mkaika amene agula vaneti yace yoyamba, Hilux kapena Isuzu ya zitseko ziwiri ndi bokosi lalitali ndiyo yoyenera. Ya zitseko zinai ndi yokongola pa ukwati, koma bokosi lace ndi lalifupi ndipo mtengo wace ndi waukulu. Yokoka ndi mawilo onse anai ifunika kwa okhawo amene mseu wao ubvuta m'dzinja, pakuti iri ndi zitsulo zambiri zofuna kukonza ndipo imwa dizilo woposa.

MASAMU A KATUNDU

Mavaneti ambiri safa ndi ukalamba. Afa ndi katundu. Anthu amva kuti vaneti "isenza tani imodzi", nawerenga kuti matumba a makilogalamu 50 alowa 20, ndipo ena aonjeza mpaka 30 poona kuti galimoto ikali kuyenda. Koma tani imodziyo, ndiyo makilogalamu 1,000, iwerengera zonse zokwera pa galimoto: woyendetsa, womthandiza, zitsulo zochinga bokosi, jeke ndi zina. Anthu awiri alemera makilogalamu ngati 140, cotero matumba a cimanga kapena a feteleza atsala 17. Pa ya zitseko zinai yololedwa makilogalamu 900, mukakhala anthu asanu olemera 350 pamodzi, matumba atsala 11 okha.

Nambala zenizeni ziri pa kacitsulo kokhomedwa pafupi ndi citseko kapena m'boneti, ndi m'buku la galimoto. Pamenepo palembedwa kulemera konse kumene galimoto iloledwa itasenza. Wocotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu adziwa katundu wace.

Wopitirira muyeso sazindikira tsiku loyamba. Poyamba masipuling'i awongoka ndi kuthyoka limodzi-limodzi. Kenaka mabering'i a mawilo a kumbuyo atentha, kilachi inunkha, matayala aphulika m'mbali. Potsiriza chasisi, ndiwo msana wacitsulo wa galimoto, ipindika pakati pa kebini ndi bokosi, ndipo yopindika siibwerera mwakale. Ena aonjeza masipuling'i nayesa kuti athetsa bvuto. Masipuling'i aimika bokosi, inde, koma ekiselo, mabuleki ndi chasisi zikhala zomwe zija. Katundu wolemera aikidwe kutsogolo kwa bokosi, pafupi ndi kebini. Thonje ndi lopepuka, koma lounjikidwa pamwamba kwambiri ligwetsa galimoto pa ngodya.

Mlimi wa matumba 200 opita ku depoti ya Food Reserve Agency afuna maulendo 12 pa vaneti. Kwa iye nkwabwino kulipira Canter kapena lole, ndi kusiya ngolo ya ng'ombe itute kucokera kumunda kufika pa mseu. Vaneti ipindula pa katundu wofuna cangu: tomato ndi kabichi za kudimba, nkhuku, mbeu ndi feteleza mvula iri pafupi, ndi wodwala wopita ku St Francis usiku.

KUKOKA TIRELA

Apa ndipo ogulitsa akweza mau. Ranger, Hilux ya 2.8 ndi D-Max ya 3.0 za zaka zaposacedwa, zambiri zilembedwa kuti zikoka makilogalamu 3,500. Nambalayo ndi yoona, koma iri ndi malamulo ace amene sachulidwa pamsika. Isiyana malinga ndi caka, injini ndi giya, ndipo mavaneti akale ndi a injini zazing'ono aloledwa zocepa kwambiri.

Coyamba, 3,500 ndi ya tirela yokhala ndi mabuleki ace-ace. Tirela yopanda mabuleki, monga zambiri zowocherera pa Katete ndi pa Sinda, siiyenera kupitirira makilogalamu 750, kuwerengera ndi kulemera kwa tirelayo. Ngati iyo yokha ilemera 250, katundu wace ndi matumba 10. Ng'ombe yamphongo ya mtundu wa Angoni yokula bwino ifika makilogalamu 400. Ziwiri zapitirira kale. Thanki ya madzi ya malita 1,000 ndi tani yathunthu, ndipo madzi osadzaza akankha galimoto poima. Muyeso wa 750 suonjezeka ngakhale pa Land Cruiser, cifukwa nkhani yace ndi ya kuima, si ya kukoka.

Caciwiri, pali nambala ina imene ambiri saiwerenga, ya kulemera kwa galimoto ndi tirela pamodzi. Pa Ranger ya 3.2 ya mawilo onse anai nambalayo ndi makilogalamu ngati 6,000. Pocotsapo tirela ya 3,500 patsala 2,500. Galimoto yokha, ya zitseko zinai, ilemera pafupi 2,200. Cotero patsala makilogalamu 300: woyendetsa, anzace awiri ndi thumba limodzi, bokosi liri lopanda kanthu. Masamu a Hilux ndi Isuzu sasiyana kwambiri ndi amenewa. Tanthauzo lace ndi lakuti vaneti siingasenze katundu wace wonse ndi kukoka tirela yodzaza pa ulendo umodzi. Mwini asankhe cimodzi. Wanzeru saifikitsa n'komwe pa 3,500, maka-maka pa mseu wa fumbi.

Kaikidwe ka katundu m'tirela nakonso nkofunika. Pafupi limodzi la magawo khumi a kulemera kwa tirela liyenera kutsamira pa cokokera ca galimoto. Likacepa, tirela iyamba kugwedeza mcira liwiro likakwera, mpaka kugwetsa galimoto. Likaculuka, mawilo a kutsogolo apepuka ndipo ciwongolero sicimvera. Kulemera kotsamirako kuwerengedwa ngati katundu wa galimoto. Cokokera cikhale comangidwa ku chasisi ndi mabauti olimba, osati cowocherera ku bampala, ndipo pakhale cheni caciwiri cogwira tirela cokokera cikamasuka. Kumbuyo kukhale nyali ndi zonyezimira, pakuti pa Great East Road ndi pa mseu wa ku Chanida malole akulu ayenda usiku wonse.

Pokwera citunda injini yatsopano iposa yakale kutali-tali. Potsika zonse ziri cimodzi-modzi. Wopita ku Lusaka ndi tirela akumana ndi zitsikira zazitali m'mapiri a Kacholola polowera ku mlato wa Luangwa. Woponda mabuleki njira yonse awatenthetsa mpaka aleka kugwira. Lamulo la oyendetsa malole ndi lakuti giya imene galimoto ikwerera citunda ndiyo itsikira nayo, ndipo giyayo ilowe citsikira cisanayambe. Pa galimoto ya giya yosintha yokha, kukoka kutenthetsa oilo wa m'giyabokosi, cotero asinthidwe msanga kuposa masiku onse. Laisensi wamba ya B ndi ya tirela yosapitirira makilogalamu 750; wofuna kukoka yoposa pamenepo afunse ku ofesi ya RTSA za laisensi yoyenera ndi za kulembetsa tirelayo.

POGULA YOGWIRAPO NCHITO

Alimi ambiri agula yakale, kapena yocokera kunja kapena yogulitsidwa ndi makampani ndi mabungwe. Apa mbiri ya galimoto iposa dzina lace. Isuzu yosamalidwa iposa Hilux imene inatuta mcenga ndi njerwa zaka zisanu, ndipo nambala ya makilomita siiyenera kukhulupiriridwa yokha, popeza alipo oibweza m'mbuyo.

Wogula apite ndi makanika wace, osati wa wogulitsa, ndipo afike m'mawa injini isanalizidwe, cifukwa injini yotopa ibvuta kulira iri yozizira. Utsi wobiriwira usonyeza kuti idya oilo. Woyera wosaleka usonyeza madzi kapena mainjekita odwala. Atsegule redieta injini iri yozizira: oilo woyandama pamadzi, kapena thobvu lotuluka injini ikalira, ndi cizindikiro ca gasiketi kapena mutu wong'aluka. Agone pansi ndi toci nayang'ane chasisi yonse, maka-maka pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo, ngati pali powocherera kapena penti watsopano pamalo amodzi. Aime patali naone mpata wa pakati pa kebini ndi bokosi. Ukakhala wotakata kumwamba ndi wopanikizika kunsi, msana unapindika. Cokokera codyeka cinena kuti galimotoyo inakoka zolemera, cotero kilachi ndi difu ziyesedwe bwino pa citunda. Ya mawilo onse anai ailowetse m'giya yace yaing'ono nayende nayo pa dothi, pakuti zina zigulitsidwa shafiti ya kutsogolo itacotsedwa.

Zonsezi zikakhala bwino, ndalama zisaturuke m'thumba kufikira nambala ya injini ndi ya chasisi zitafanizidwa ndi zolembedwa m'buku la galimoto, lija alicha White Book, ndipo dzina la m'bukulo likhale la wogulitsayo monga liri pa citupa cace. Wogula ndi wogulitsa apite pamodzi ku ofesi ya RTSA ku Chipata kukasintha dzina. Ndipo pa ndalama zonse zimene banja lasonkha, gawo lina litsale la matayala, inshuwalansi, oilo ndi masefa onse, ndi lamba wa m'kati, amene asinthidwe sabata yoyamba ngati palibe pepala losonyeza tsiku limene anasinthidwa.